Dongo Lofiira la a Verner

Alamu anga a Verner Lodahl anakumba zitsime zaka zonse za mphamvu zawo, ndipo kuno ku Ravnsig palibe khomo limene silinamweko madzi a dzanja lawo. Anali munthu wamtali, wa mapewa akugwa, wouma pakamwa. Mukawafunsa kuti adzuka bwanji, ankayamba ayang'ana kumwamba, kenako n'kunena kuti zikanatha kuipa kuposa apa. Amuna a kuno ku Jutland ambiri ndi otero, koma awa ankanyanya. Ine ndi pakamwa pangapa ndinkawaputa dala patebulo kuti mwina apse mtima ayankhuleko, koma ayi ndithu, ankangopaka batala pa buledi wawo wakuda uja mpaka m'mphepete monse ngati akuzira khoma.

Mkazi wawo Bodil anali mchemwali wanga, ndipo ndiye ankagwira za mapepala. Paja chitsime chilichonse chokumbidwa m'dziko muno chimalembedwa. Wokumba akamaliza amadzaza fomu: chitsime chili pati, chapita pansi mamita angati, mapaipi ake ndi otani, sefa yaikidwa pati, madzi aima pati. Amalembanso dothi lililonse limene wadutsa kuyambira pamwamba mpaka pansi, kaya ndi mchenga, kaya dongo, kaya timiyala, komanso ngati ndi lofiira, lachikasu kapena lotuwa. Fomuyo imapita ku ofesi ya boma ku Copenhagen, imapatsidwa nambala, n'kukhala kumeneko mpaka kalekale.

A Verner ankagwira ntchito motere. Makina akamalowa pansi, dothi likasintha, ankatapako dzanja limodzi n'kuika pathabwa lalitali, mulu uliwonse pamalo pake, mwandondomeko. Ankalifikisa m'zala, nthawi zina n'kulumako ndi mano akutsogolo kuti amve ngati muli mchenga, n'kulemba pakatoni ndi pensulo. Dzuwa likafika pamutu, Bodil ankatulukira pa njinga ndi chakudya ndi botolo la khofi, kaya kuli mvula kaya kuli mphepo. Ankayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa thabwa lija, dothi likadali lonyowa, akulemba m'kabuku kake, kenako ankakhala pansi awiriwo n'kudya. Anthu ankati chikondi chake si chimenechi. Ine ndinkamuseka kuti, kodi mwamunayo sanganyamule yekha buledi m'mawa, ali ndi zilonda m'manja?

Chimene sindinkadziwa, chimene ndinadziwa tsitsi langa litayera kale, n'chakuti maso a alamu anga sankasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Dongo lofiirira ndi dongo lotuwa mobiriwira, kwa iwo linali dongo limodzi. Ali mnyamata anafuna ntchito ya pa sitima ku Esbjerg, dokotala anawaonetsa makadi a timadontho, n'kuwabweza tsiku lomwelo. Bambo awo anawalandira ndi mawu akuti asadzauze munthu, chifukwa palibe mlimi angalembe ntchito wokumba chitsime wa maso olumala. Anamvera. Anauza Bodil yekha, sabata yoti akwatirana, ndipo Bodil anasunga nkhaniyo mpaka kulowa nayo m'manda, osandinong'onezako ngakhale ine amene ndinkagona naye bedi limodzi tili ana. Njinga ya masana ija inali maso awo. Ndikakumbuka mmene ndinkawasekera akamathyola mastiroberi osapsa n'kumati amakonda owawasa, ndimachita kudzigwira pakamwa.

Kunabwera chaka cha chilala chimene akuluakulu kuno amachikumbukirabe. Balere anapsa m'minda ali chiimire, ndipo mlimi aliyense ankafuna chitsime chothiririra dzulodzulo. Chaka chomwecho Bodil anagonekedwa kuchipatala ku Aarhus ndi vuto la msana, ndipo anakhalako chilimwe chonse. A Verner anakumba okhaokha. Zitsime zitatu mwa izo anazikumba pa famu ya a Laurits Kvist, kumunsi kwa mudzi, pafupi ndi pamene pali zitsime za madzi akumwa a tonsefe. Kuya, mapaipi, sefa, zonse analemba bwinobwino. Atafika poti alembe ngati dongo linali lofiira kapena lotuwa, anakumbukira kuti zitsime zomaliza zimene Bodil anaona, kumtunda cha ku msewu wa Holstebro, zinali za dothi lofiira mpaka pansi penipeni. Basi analemba lofiira, lofiira, lofiira. Mumtima ankati ndani angadzawerenge zimenezi, munthu amafuna madzi, safuna kudziwa kuti dongo lavala malaya anji. Timatumba ta dothi timene tinayenera kupita ku Copenhagen pamodzi ndi mafomu tinatsala m'shedi, popeza wozolowera kumanga ndi kutumiza anali Bodil. Bodil atatuluka m'chipatala n'kufunsa, a Verner anamuuza kuti mkazi wa a Laurits ndiye anawaonera dothi. Linali bodza lawo loyamba kwa mkazi wawo, ndipo anandiuza pambuyo pake kuti linalinso lomaliza.

Zaka zinapita. A Verner anagulitsa makina, a Laurits anamwalira, famu inatsala m'manja mwa mwana wawo Sidsel. Mwana ameneyu ndinamuona akukula. Wamfupi, wamawu aakulu, nsapato za mphira sizinkachoka kuphazi. Ng'ombe zake za mkaka ankazidziwa mayina zonse, ndipo zina zinali zidzukulu za ng'ombe zimene agogo ake anabwera nazo pa famupo. Mwamuna wake anatopa ndi kudzuka m'bandakucha, anapita kutauni, iye n'kutsala ndi ng'ombe ndi ana awiri, osadandaula kwa munthu.

Ndiye Bodil anatisiya. Alamu anga anayamba kutuluka ndi sokosi zosiyana, tsiku lina n'kubwera kutchalitchi ndi tayi yoti ngakhale wamisala sangavale. Ine ndinkati ndi chisoni. Ndinkawakalipira, n'kumawasankhira zovala za Lamlungu, osadziwa kuti ndalowa ntchito ya mchemwali wanga.

Chaka chotsatira akhonsolo anabwera ndi mapu atsopano kuholo ya mudzi. Mayi wina wa zamadzi anatifotokozera moleza mtima, ndipo sindimuimba mlandu, anachita ntchito yake. Anati pamene dothi la pansi ndi lotuwa, limagwira zoipa za m'manyowa ndi feteleza zisanafike pamadzi akumwa. Pamene ndi lofiira, zimangodutsa ngati m'sefa. Ndiye akatswiri anatenga mafomu onse akale a okumba zitsime, n'kujambula mapu oonetsa pamene madzi ali otetezeka ndi pamene ali pangozi. Famu ya Sidsel yonse inali pangozi. Zitsime zitatu zinachitira umboni kuti pansi pake ndi pofiira mpaka kutali. Tanthauzo lake linali loti asathirenso manyowa kapena feteleza m'minda imeneyo, ndipo famu ya mkaka yopanda pothira ndowe si famu. Anamupatsa njira ina, kuti alandire chipukuta misozi, agulitse ng'ombe, minda isanduke nkhalango yoteteza madzi. Nkhalango yotere ikadzalidwa, lamulo silola kuti idzadulidwenso n'kubwerera kukhala munda.

A Verner anali pamsonkhanopo, pampando wawo wa nthawi zonse pafupi ndi khomo. Ndinawaona akuika keke pambale osaidya, koma sindinaganize kanthu.

Mlangizi wa zaulimi anauza Sidsel kuti angathe kulipira kuti akumbe dzenje latsopano loyesera, aone ngati mafomu akalewo akunena zoona. Zinali zodula, ndipo iye anali atapanikizika kale. Asanasankhe, anapita kwa munthu amene anakumba zitsimezo. Ine ndinali komweko tsikulo, ndikusita malaya kukhitchini, chitseko chili chotsegula. Anakhala pansi, analandira khofi, anayamba ndi za nyengo monga mwa mwambo, kenako anafunsa.

"A Verner, inu munaliona dothilo ndi maso anu. Ndiuzeni chabe, linalidi lofiira? Mukati linali lofiira, sinditaya ndalama za ana anga pa dzenje."

 

"Zimene zinalembedwa zinalembedwa, mwanawe," anatero alamu anga.

Sidsel anagwedeza mutu, anathokoza chifukwa cha khofi, n'kunyamuka. Pakhomo anandiuza kuti bambo ake ankati a Verner Lodahl sanalembepo mita imodzi imene sanakumbe, ndiye palibe chifukwa chovutikira. Ine ndi kupusa kwanga ndinamutsimikizira kuti amenewo ndi mawu oona. Sidsel anasaina pangano la nkhalango. Ng'ombe zinakwera magalimoto mwezi wa Malichi, ndipo sindinapiteko, mtima wanga sukanapirira. Oyandikana nawo anati Sidsel anazikweza yekha imodziimodzi, akuitchula dzina, kenako analowa m'khola lopanda kanthu n'kuyamba kutsuka pansi.

Chilimwe chimenecho alamu anga anaonda ngati akudwala. Anasiya kubwera ku masewera a makadi a Lachitatu. Akamapita kusitolo ankazungulira njira ya kumanda kuti asadutse pa famu ya a Kvist. Ndinawakokera kwa dokotala, dokotala anati palibe chimene wapeza, mtima uli bwino, magazi ali bwino. Ndinawauza m'galimoto kuti ngati akufuna kutsatira Bodil anene, ndisamavutike kuwaphikira supu.

Chimene chinawamaliza ndi ulemu. Tsiku lodzala mitengo, komiti ya madzi ya m'mudzi inaitana aliyense, ana asukulu, abusa, mbendera, masoseji ootcha. Wapampando, a Gunner Vestbo, munthu wokonda maikolofoni kuposa mkazi wake, ananena kuti madzi a zidzukulu zathu apulumuka chifukwa munthu mmodzi ankalemba mosamala zimene ankaona pansi pa nthaka, pamene ena ankangolemba zothamangira. Anaitana a Verner kuti adzale mtengo woyamba, n'kuwapatsa fosholo yomangidwa riboni. Anthu anaomba m'manja. Sidsel nayenso anaomba, ataima kumbuyo ndi ana ake, atavala yunifomu ya kampani ya mkaka kumene anali atayamba kuyendetsa galimoto ya thanki yonyamula mkaka. A Verner anakumba kadzenjeko pang'onopang'ono, anthu n'kumati ndi ukalamba.

M'mawa mwake ndikukolopa, ndinamva kugogoda. Anali iwo, matope mpaka m'mawondo, atanyamula chokumbira chamanja chimene chinkakhala m'shedi chikuchita dzimbiri. Anali atapita kungalande yakuya ya kumalire a munda wa Sidsel, n'kuboola pansi pake mpaka pamene mphamvu zinawathera. Anatulutsa chibuma chonyowa m'thumba la jekete n'kuchiika patebulo langa, pa nsalu yanga yoyera, koma abale.

"Rigmor, dongo ili ndi lofiira kapena lotuwa?"

Ndinawauza kuti asandiseweretse m'mawa uno, mwana wa zaka zitatu angaone kuti ndi lotuwa ngati phulusa. Anakhala pampando. Ndiye anayamba kufotokoza, munthu amene pa zaka zonsezo sanandiuzepo ziganizo zitatu zotsatana. Za dokotala wa ku Esbjerg, za bambo awo, za njinga ya Bodil, za chaka cha chilala. Anati timatumba tija tikadali m'shedi, anatitsegula pamene mapu anabwera, koma dongo likauma zaka zambiri limasintha lokha n'kufiirira, ndiye ngakhale akanapeza munthu wowaonera sitikanathandiza kanthu. Anati tsiku limene Sidsel anabwera, mawu anafika pakhosi. Koma anaona kuti akanena, anthu adzafunsa za zitsime zina zonse, adzadziwa kuti dzina la Lodahl pa mafomu onse aja linali maso a mkazi, ndipo anachita mantha. Anati mwina, mwina dothilo linalidi lofiira, ndi zimene ankadziuza.

Ndinapsa mtima moti ndinkachita kuona mdima. Ndinawauza kuti za chaka cha chilala ndingazimve, munthu anali yekha, mkazi ali m'chipatala. Koma mwana wa eni kubwera pakhomo, kukhala pampando wanu, kukufunsani ndi ulemu wonse, inu n'kumuyankha ngati mlembi wa khoti! Ndinati Bodil anapalasa njinga m'chisanu zaka zonse zija kuti mafomu anu anene zoona, osati kuti inu muzidzitama. Ndinanena zambiri, zina sindingazibwereze. Iwo ankangoyang'ana chibuma chija. Nditatopa ndinawauza kuti avale chipewa, tikupita.

Tinamupeza Sidsel atangofika kuchokera kuntchito, akudya chiimire. Anatilowetsa. A Verner anakana mpando. Ananena zonse ataimirira pakati pa khitchini, chipewa chili m'manja, matope akuuma pa buluku. Sanadzikhululukire ngakhale pang'ono, pamenepo ndiwachitira umboni. Sidsel anamvetsera mpaka kumapeto, akuyang'ana pawindo kumene kunali khola.

"Ndinakufunsani," anatero motsitsa mawu. "Ndinabwera ndekha kudzakufunsani. Mukanangoti sindikudziwa. Basi, mawu amenewo okha, ndikanakumba."

"Eya," anatero a Verner.

Sidsel sanalire, sanakuwe. Ndikanakonda akanaswa mbale. Anangotsegula chitseko n'kuima pambali kuti tidutse.

Sabata yomweyo alamu anga analembera ofesi ya ku Copenhagen ndi akhonsolo. Analemba manambala a zitsime zonse za chaka cha chilala, n'kunena kuti pa zimenezi mtundu wa dothi sunaonedwe ndi munthu, unangoganiziridwa, ndipo anafotokoza chifukwa chake. Pa zitsime zina zonse anapempha kuti awonjezere dzina la Bodil Lodahl monga munthu amene ankaona dothi. Akhonsolo anatumiza makina, anakumba dzenje loyesera pakona ya munda, ndipo anapeza dongo lotuwa lochindikala, kuyambira pafupi ndi pamwamba pomwe. Anayankha mwaulemu kuti mafomu akonzedwa ndipo mapu adzasinthidwa. Za nkhalango anati pangano linasainidwa, mitengo ili m'nthaka, lamulo lake silibwerera m'mbuyo. Mlangizi anati mwina loya angayeseko, koma Sidsel anati ng'ombe zake zinamwazikira m'mafamu atatu, zina zinaphedwa kale, ndiye loya akamubwezera chiyani.

M'mudzi nkhani inayenda ngati moto. Ena anasiya kuwapatsa moni alamu anga. Ena, makamaka amuna achikulire, ankangowagwira paphewa kusitolo. A Gunner a maikolofoni anachotsa chithunzi cha tsiku lodzala mitengo pakhoma la holo, n'kuikapo kalendala.

Chilimwe chathachi kunaumanso. Timitengo tija tinayamba kufota, ndipo pangano limati wosamala mitengo zaka zoyamba ndi mwini malo. Sidsel ndi thanki ya mkaka ndi ana awiri analibe nthawi. A Verner sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anakonza pampu ya chitsime chimodzi mwa zitatu zija, analumikiza mapaipi amphira, ndipo m'mawa uliwonse ankapita kukathirira, mzere ndi mzere, mpaka dzuwa litatentha. Msana wawo suwerama masiku ano, ndiye amangoima pamwamba pa kamtengo ndi paipi, akuwerenga chamumtima, n'kupita pa kena.

Tsiku lina ndinawapititsira chakudya. Ndinaima pampanda n'kuona kuti mzere wonse wa kumalire, kumene kuli mchenga, unali utafa kalekale. Masamba anali ofiira, ouma gwa, akadali pa timitengo. Alamu anga anali pomwepo, akuthirira kamtengo kakufa mosamala ngati mmene anathiririra kamoyo, n'kusunthira pa kena kakufanso. Mtima unandiwawa. Ndinakweza dzanja kuti ndiwaitane, koma wina anandigwira mkono. Anali Sidsel, atatsika m'thanki yake pamsewu. Anati wakhala akuwaona akuthirira mzere umenewo kwa masabata.

Ndinamufunsa kuti bwanji osawauza, munthu wamkulu akupsa ndi dzuwa pachabe.

"Sanandifunse," anatero Sidsel. "Akadzandifunsa ndidzawauza zoona."

Anakwera thanki yake n'kupita kukatenga mkaka wa ng'ombe za anthu ena, ine n'kutsala pampanda ndi chakudya chikuzizira m'manja.